KHUNGU NALO SILIIWALA KHWAWA: TILEKE KUSALA ODWALA PSORIASIS

M'makomboni mwathu muno mu Lusaka muli nthenda ina ya pakhungu imene ilibe dzina lake-lake m'cinenero cathu, koma pakamwa pa anthu ili ndi maina ambirimbiri. Wina amati ndi zipere zosamva mankhwala. Wina amati ndi khate. Wina amanong'oneza mnzake kuti ndi kaliondeonde, ndipo wina amalumbira kuti mwini wake anaponda mankhwala pa mphambano. Ife a ku cipatala timailemba kuti psoriasis, ndipo poichula timati sorayasisi.

Maganizo anga pa tsamba lathu lero ndi awa: nthenda imeneyi payokha siipha kawiri-kawiri, koma zimene timacita nayo m'manyumba mwathu ndizo zimaononga odwala. Timawasala, timawatema mphini, timawagulira mafuta a pamsika, ndipo khungu likangoyera timawauza kuti aleke mankhwala popeza acira. Nthenda ikabukanso pa malo omwe aja timati, "Mwaona, ndi za anthu izi." Akatswiri a sayansi tsopano ayamba kupeza cifukwa cake nthendayi imabwerera pa malo ake akale, ndipo cifukwaco si mfiti ai. Makolo athu anati madzi saiwala khwawa. Khungu nalo lili ndi khwawa lake, ndipo tikalimvetsa tidzaleka zambiri zimene timazunza nazo abale athu.

NTHENDAYI NDI YOTANI?

Psoriasis imaoneka ngati zigamba zokhuthala pa khungu, za malire ooneka bwino, zokutidwa ndi mamba oyera onga a nsomba. Pa khungu la mzungu zigambazi zimakhala zofiira, ndipo ndi mmene zimaonekera m'mabuku ambiri a zacipatala. Pa khungu lathu lakuda zimaoneka zoderako, zotuwa ngati phulusa, kapena zakuda kuposa khungu lozizungulira. Malo amene imakonda ndi pa zigongono, pa maondo, m'mutu ndi kumsana ca m'ciuno. M'mutu imafanana ndi mfundu wambiri wosamva sopo. Kwa ena imagwira zikhadabo, zimene zimacita timaenje ngati munthu anazibaya ndi singano. Kwa ena imagwira zikhato ndi mapazi, khungu n'kumang'ambika mpaka mai kulephera kucapa, tate kulephera kugwira fosholo.

Si nthenda ya anthu owerengeka. Mu lipoti lake la 2016, bungwe la WHO linanena kuti anthu osacepera 100 miliyoni pa dziko lonse ali nayo. Mu 2014 msonkhano waukulu wa maiko a m'bungweli unagwirizana kuti psoriasis ndi nthenda yaikulu, yosapatsirana, ndi kuti maiko alimbane ndi kusalidwa kwa odwala. Tsiku la 29 Okutobala caka ciliconse ndilo lokumbukira nthendayi. Siimathera pa khungu pokha: mpaka odwala 3 mwa 10 amatupa ndi kumva ululu m'mfundo za mafupa, ndipo odwala psoriasis amapezekanso kawiri-kawiri ndi shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima.

SI KHATE, SI ZIPERE, SI MPHERE

Kusokoneza nthendayi ndi khate sikunayambe ndi ife. Ku Ulaya anthu a psoriasis anasalidwa pamodzi ndi akhate kwa zaka mazana ambiri, mpaka dotolo wa ku Vienna, Ferdinand von Hebra, anasiyanitsa bwino nthenda ziwirizi mu 1841. Mu 1873 dotolo wa ku Norway, Armauer Hansen, anapeza kacilombo koyambitsa khate. Psoriasis ilibe kacilombo kotere. Akulu-akulu amene amakumbukira midzi ya akhate ya ku Liteta ndi ku Mwami akadali ndi mantha a masiku aja, koma khate lenileni limacizika ndi mankhwala masiku ano, ndipo psoriasis sinakhalepo khate ndi kale lomwe.

Kusiyana kwake n'kosabvuta. Banga la khate limacita dzanzi, ndipo ukalikhudza ndi thonje munthu samva. Cigamba ca psoriasis cimamva bwino lomwe, ndipo nthawi zambiri cimayabwa. Zipere zimazungulira ngati mphete, pakati pali poyera, zimafalikira kwa ana ogona pamodzi kapena ometa ndi makina amodzi, ndipo zimatha ndi mankhwala ake. Mphere zimayabwa kwambiri usiku, zimakonda pakati pa zala, ndipo zimagwira nyumba yonse.

Psoriasis simungaitenge pa kupatsana moni, pa kudyera mbale imodzi, pa kusambira beseni limodzi, pa kugona bulangeti limodzi, kapena m'banja. Conco mbale yapadera imene mwaikira mlamu wanu ilibe cimene ikuteteza. Nchito yake ndi kumuuza tsiku ndi tsiku kuti mukunyansidwa naye.

NAZALE YA KHUNGU

Kuti timvetse nthendayi tiyambe taona mmene khungu limadzikonzera. Khungu limene mukuliona pa dzanja lanu lero si limene linalipo miyezi iwiri yapitayo. Pansi pa khungu la pamwamba pali timaselo tapadera timene pa Cizungu amati stem cells. Ife tingati ndi nazale ya khungu, pakuti m'menemo ndimo mumacokera mbande zonse. Timaseloti timakhala moyo nthawi yaitali, ndipo nchito yake ndi kubereka maselo atsopano. Maselo atsopanowo amakwera pang'ono-pang'ono, amakhwima, amaphwatalala, amafa, ndipo potsiriza amayoyoka osaoneka ndi maso. Ulendo wonsewu umatenga pafupi-fupi mwezi umodzi.

Mwa munthu wa psoriasis ulendo umenewu umatha m'masiku 3 mpaka 5 okha. Cimene cimacitika n'cakuti asilikali a m'thupi, amene nchito yao ndi kumenyana ndi tizilombo, amaliza mfuu pamene palibe mdani. Amatulutsa timadzi tolamula khungu kuti lidzimange mwamsanga ngati pali bala. Nazale imamvera, n'kuyamba kubereka usana ndi usiku. Aliyense amene anaonapo oumba mabuloko m'mbali mwa mseu ku Kalingalinga adziwa cimene cimacitika ukaunjika mabuloko asanaume: amaphwanyika ndi kuyoyoka. Mamba oyera aja ndi maselo amene afika pamwamba asanakhwime, n'kuunjikana. Si litsiro, ndipo kuwakwecesa sikuthandiza.

BUKU NDI LIMODZI, KOMA LIMATSEGUKA POSIYANA

Mbali ina ya nthendayi ndi ya kumtundu. Pafupi-fupi wodwala mmodzi mwa atatu ali ndi wacibale amene ali nayonso, ndipo akatswiri anapeza kale majini ena, monga ochedwa HLA-Cw6, amene amacititsa munthu kukhala wosacedwa kuigwira. Majini ndi malangizo a cibadwa olembedwa mu DNA, amene timalandira kwa atate ndi amai. Koma taonani cozizwitsa ici: mapasa ofanana ndendende, ocokera m'dzira limodzi, ali ndi malangizo amodzimodzi, komabe kawiri-kawiri mmodzi amadwala psoriasis pamene mnzake khungu lili see. Ndiye kuti pali cina coposa zolembedwazo.

Cina cimeneco ndico amacicha epigenetics, liu limene katswiri wa ku Britain, Conrad Waddington, anayambitsa mu 1942. Ndifanizira ndi buku la nyimbo limene lakhalitsa m'nyumba. Mau a m'bukumo sasintha. Koma mukaliika pa thebulo limatseguka lokha pa nyimbo imene agogo amaikonda, cifukwa tsamba limenelo lapindidwa kambiri. Masamba ena anamatana, ndipo palibe amene anawawerengapo. Selo lililonse la thupi lili ndi buku limodzimodzi, koma la pakhungu limawerenga masamba a khungu, la m'ciwindi limawerenga masamba a ciwindi. Cimene cimasankha masamba owerenga ndico epigenetics.

Zimacitika motere. DNA ya m'selo limodzi, mutaitambasula, ingatalike pafupi-fupi mamita 2, conco imakulungidwa pa timibulu tochedwa histones monga ulusi wa telala umakulungidwira pa kamtengo kake. Pamene yakulungidwa zolimba siiwerengeka, ndipo pamene yamasuka imawerengeka. Palinso tizizindikiro tochedwa methyl timene timamatirira pa DNA, ndipo nthawi zambiri timatseka tsamba limene tamatirirapo. Zolembedwa sitingazisinthe, koma makulungidwe ndi tizizindikiro zimasintha ndi zimene thupi likukumana nazo: utsi wa fodya, matenda, zakudya, ukalamba, ndi kutupa kwa nthawi yaitali.

ZIMENE AKATSWIRI ANAPEZA

Mu 2012 gulu la Anne Bowcock la pa Washington University ku St Louis, ku America, linayerekeza khungu la psoriasis ndi khungu labwino, ndipo linapeza kuti tizizindikiro ta methyl tinali tosiyana pa malo oposa 1,000. Odwala ena atalandira mankhwala kwa mwezi umodzi, tizizindikiro tija tinayamba kubwerera mwakale. Apa pali mau olimbitsa mtima: zizindikiro zimenezi si zosemedwa pa mwala.

Mu 2014 akatswiri a pa Karolinska Institutet ku Stockholm anaonetsa kuti pa malo pamene cigamba cinapola, khungu n'kuoneka labwino-bwino, pamatsala asilikali ena a m'thupi amene amakhala phee, okonzeka kuliza mfuu nthawi ina iliyonse.

Kenaka mu 2017 Shruti Naik ndi Elaine Fuchs a pa Rockefeller University ku New York anaonetsa kuti nazale yeniyeniyo nayo imakumbukira. Anacita izi pa mbewa za m'nyumba zofufuzira, osati zija timagula pa mseu popita ku Chipata. Anapaka mbewazo mankhwala otupitsa khungu mofanana ndi psoriasis, n'kuzileka kuti zipole. Pambuyo pake anaona kuti bala la pa khungu limene linatupapo kale linali kutsekeka msanga kuposa la pa khungu limene silinatupepo, ndipo izi zinacitikabe patapita miyezi 6. Atayang'ana m'timaselo ta nazale anapeza kuti malo ena a DNA amene anamasuka pa nthawi ya kutupa anatsala omasuka. Buku linali litaphunzira potsegukira.

Kukumbukira kumeneku kuli ndi ubwino wake, pakuti khungu limene linabvulalapo limadziwa kudziteteza msanga. Koma akatswiriwo akuganiza kuti mu nthenda zonga psoriasis kukumbukira komweku ndiko kumacititsa khungu kuyankha mopyola muyeso pa cinthu cacing'ono. Tisaiwale kuti mbewa si munthu, ndipo nchitoyi ikali kupitirira. Komabe zimene anapezazi zikugwirizana ndi zimene ife ma clinical officer timaona m'zipinda zopimira: cigamba cikabwerera, cimabwerera pa cigongono comwe cija, pa bondo lomwe lija. Mvula ikagwa ku Kanyama, anthu a kumeneko amadziwiratu nyumba zimene madzi ayambire kulowa. Palibe amene amati nyumbazo zinalodzedwa. Madzi angotsata njira imene anakumba caka catha.

Cenjezo limodzi pano: kucipatala kulibe mankhwala ofufuta zizindikiro zimenezi kotheratu. Munthu akakuuzani kuti ali ndi tiyi kapena mapilitsi otsuka magazi kapena okonza majini kuti psoriasis ithe mpaka kale-kale, gwirani cikwama canu zolimba.

ZIMENE ZIMADZUTSA NTHENDA YOGONA

Ngati khungu limakumbukira, nzeru ndi kupewa zolikumbutsa. Coyamba ndi kubvulaza khungu. Mu 1872 dotolo wa ku Germany, Heinrich Köbner, anaona kuti mwa odwala ena a psoriasis cigamba catsopano cimamera pamene khungu labwino lacekedwa kapena kukandika, patapita masabata awiri kapena atatu. Apa ndipo ndili ndi mau ndi mphini. Banja likatengera wodwala kukatema mphini, limabwerako ndi ciyembekezo, koma pasanathe mwezi tizigamba timamera mondandalika, kutsata mizere ya lezala. Abale amati nthenda yakwiya cifukwa wolodza ndi wamphamvu, n'kupitanso kukatema zina. Cimene cakwiyitsa nthenda ndi lezala lomwelo. Sindikunyoza ang'anga onse, pakuti alipo amene amadziwa potha mphamvu zao n'kutumiza odwala ku cipatala. Ndikupempha kuti onse, pamodzi ndi bungwe lao la THPAZ, adziwe kuti pa khungu la mamba oyera lezala lisafikepo. Cimodzimodzi kukwecesa ndi mwala kapena cinkhupule, kusenda mamba ndi zikhadabo, ndi kusamba ndi sopo wocapira zobvala.

Caciwiri ndi fodya ndi mowa. Osuta amadwala psoriasis kawiri-kawiri kuposa osasuta, ndipo mwa iwo imakula kwambiri. Utsi wa fodya ndi cimodzi mwa zinthu zodziwika bwino zimene zimasintha tizizindikiro ta pa DNA, ndipo munthu akaleka kusuta tambiri timabwerera mwakale m'kupita kwa zaka. Mowa wambiri, kaya ndi kacasu kaya ndi wa m'botolo, umakulitsa nthenda ndipo umatsekereza wodwala kulandira mankhwala ena amphamvu cifukwa ca ciwindi. Kunenepa kwambiri nako kumaikulitsa.

Cacitatu ndi zilonda za pakhosi. Mwa ana ndi acinyamata, timadontho ta psoriasis timatha kubuka thupi lonse patapita masabata owerengeka mwana atadwala pakhosi. Musazengereze kupita naye ku kiliniki. Cacinai ndi nyengo: mphepo yozizira ndi youma ya Juni ndi Julaye imaumitsa khungu, ndipo odwala ambiri amabvutika nthawi imeneyo. Cacisanu ndi mankhwala ena, monga chloroquine, lithium, ndi ena a kuthamanga kwa magazi onga propranolol ndi atenolol. Musawaleke panokha, koma uzani amene akukupimani kuti muli ndi psoriasis.

Cotsiriza ndi nkhawa. Maliro, kutha kwa nchito, ngongole ya lendi, mikangano ya m'banja, zonsezi zimadzutsa nthenda. Tsono ganizirani: mtsikana wasiyidwa ndi womufunsira cifukwa ca zigamba, mai wa pamsika anthu aleka kugula zitumbuwa zake, mwana anzake akana kukhala naye pa desiki. Nkhawa ikula, zigamba zikula, kusalidwa kukula. Banja limene limasala wodwala likusonkhezera moto womwe likuuopa.

CIKOME-KOME CA MKUYU

M'misika ndi m'tumasitolo muli timacubu ta mafuta amene ambiri amagula poyeretsa khungu. Ambiri mwa mafutawa ali ndi mankhwala amphamvu a mtundu wa steroid, monga clobetasol ndi betamethasone. Munthu wa psoriasis akapaka, m'sabata limodzi zigamba zimaphwa, ndipo amathokoza mnzake amene anamulangiza. Mankhwala omwewa ife timawalembera odwala, koma mwa muyeso: pa malo owerengeka, kwa masabata owerengeka, osati kumaso kapena m'mphecepece, ndipo timawacepetsa pang'ono-pang'ono. Wogula yekha amapaka thupi lonse kwa miyezi. Khungu limapyapyala, limacita mizere yong'ambika imene siidzatha, ndipo mankhwala olowa m'magazi angadzutse shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Coopsa kwambiri ndi mapilitsi a prednisolone ndi dexamethasone ogula popanda cikalata ca ku cipatala. Amazimitsa nthenda pamwamba, koma nazale ndi asilikali aja sanaiwale kanthu. Ndalama zikatha munthu n'kuleka mwadzidzidzi, nthenda imabwerera mwaukali woposa kale. Ena khungu lonse limafiira ndi kusupuka, ena limacita timatuza ta mafinya thupi lonse pamodzi ndi kutentha thupi. Pamenepo nthenda imene siipha ingaphe, ndipo wodwala ayenera kugonekedwa m'cipatala tsiku lomwelo. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Lamulo la mankhwala la 2013 linapatsa bungwe la ZAMRA mphamvu yoyang'anira kagulitsidwe ka mankhwala, koma mlonda woyamba ndi inu amene mumatulutsa ndalama.

NANGA ZA HIV?

Tiyeni tinene poyera. Psoriasis si cizindikiro cakuti munthu ali ndi HIV. Nthendayi inalipo zaka mazana ambiri Edzi isanadziwike, ndipo imagwira ana, nkhalamba ndi anthu ambiri amene alibe kacilombo. Koma n'zoonanso kuti mwa munthu amene ali ndi kacilombo ndipo citetezo catsika, psoriasis imatha kubuka koyamba kapena kukula modzidzimutsa. Conco tikapempha wodwala kuti apimitse magazi sitikumunyoza. Akapezeka nako, ma ARV, amene akhala aulere m'zipatala za Boma kuyambira 2005, nthawi zambiri amathandizanso khungu. Akapezeka alibe, mtima umakhala pansi ndipo timasankha mankhwala oyenera. Kupima magazi a mnzanu ndi maso pa mpopi wa madzi si nchito yanu.

THANDIZO LIMENE LILIPO

Psoriasis siicizika kotheratu, koma imagonja, monga mmene shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimagonjera. Munthu angakhale miyezi kapena zaka khungu lili bwino. Yambani ndi zimene zili m'manja mwanu. Sambani ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wosaluma, ndipo mukangopukuta dzolani mafuta okhuthala onga Vaseline tsiku lililonse, ngakhale pamene zigamba zapola. Dzuwa la pang'ono limathandiza ambiri, koma osati mpaka kupsa. Wengani zikhadabo kuti musadzikande usiku.

Ku cipatala kuli mafuta a salicylic acid ofewetsa mamba, a phula la malasha, ndi a steroid a muyeso. Amene nthenda yawakulira, kapena yagwira mfundo za mafupa, amapatsidwa methotrexate. Mankhwala amenewa amamwedwa kamodzi pa sabata, osati tsiku ndi tsiku, ndipo kulakwitsa pamenepa kungaphe. Mai woyembekezera kapena wofuna kutenga pakati sayenera kumwa, womwa sayenera kukhudza mowa, ndipo magazi ayenera kupimidwa kawiri-kawiri. Yambirani pa kiliniki ya kwanu, ku Mtendere, ku George kapena ku Kalingalinga, kapena pa zipatala za Kanyama, Matero ndi Chawama. Zikabvuta, pemphani kalata yopita nayo kwa akatswiri a khungu ku UTH.

Zinthu ziwiri muzisunge pa mtima. Coyamba, cigamba cikapola cimasiya banga lakuda kapena loyera limene limatenga miyezi kuti lithe. Banga limenelo si nthenda, ndipo musalithire mafuta oyeretsa khungu. Caciwiri, khungu likayera musataye kadi la ku cipatala. Pitani pa tsiku limene munauzidwa, ndipo mukaona mamba ayamba pa malo akale bwerani msanga moto usanakule. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Komanso msana ukamauma m'mawa uliwonse, kapena cala cikatupa conse, nenani, pakuti mfundo zikaonongeka sizibwerera.

KODI SI NKHANI YA ANTHU OKHUTA?

Ndikudziwa kuti ena anena kuti: mu mzinda umene kolera inadzaza National Heroes Stadium ndi odwala mu Januwale 2024, mu mzinda wa TB ndi HIV, tingataye bwanji nthawi ndi ndalama pa mamba a pa cigongono? Funsoli n'lomveka, ndipo sindikunena kuti ticotse ndalama za kolera. Koma zambiri zimene odwala psoriasis akufuna n'zochipa: kuti wowapima aidziwe nthendayo pa khungu lakuda, kuti mafuta a salicylic acid ndi a phula asamasowe, ndi kuti wina awafotokozere zoona. Cokwera mtengo ndi kusadziwa. Banja limagulitsa wailesi ndi mbuzi za kumudzi kulipira mphini, limagula mankhwala a zipere miyezi ndi miyezi, ndipo potsiriza wodwala amatenga bedi m'cipatala kwa masabata cifukwa ca mapilitsi a pamsika.

Conco ndikupempha a Unduna wa Zaumoyo zinthu zitatu. Coyamba, acurukitse ma clinical officer ophunzira za khungu. Ku Moshi m'dziko la Tanzania kuli sukulu ya Regional Dermatology Training Centre imene kuyambira 1992 yakhala ikuphunzitsa anthu a nchito yathu ocokera m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo cipatala ciliconse ca m'komboni ciyenera kukhala ndi mmodzi wodziwa nchito imeneyi. Caciwiri, mankhwala wamba a khungu apezeke m'makiliniki, ndipo olipira ku NHIMA awapeze mosabvutika. Cacitatu, popeza mu 2025 bungwe la WHO linaika mankhwala atsopano a jekeseni a psoriasis pa mndandanda wa mankhwala ofunika, dziko lathu liyambe kukambirana za mtengo wake cifukwa ca odwala owerengeka amene mankhwala ena onse awakanika.

Koma mbali yaikulu ili kwa inu a m'nyumba. Aphunzitsi, mwana wa zigamba asabwezedwe pa geti. Ometa tsitsi, m'mutu mwa psoriasis mulibe coopa, ingometani mosamala kuti musaceke. Alangizi ndi ankhoswe, nthendayi si cifukwa cothetsera ukwati. Ndipo inu makolo, musalozane zala kuti yacokera kwa yani, pakuti palibe amene anasankha buku limene anabadwa nalo. Tingathe kusankha ngati tidzapitiriza kupinda tsamba lomwelo ndi lezala, fodya ndi mau olasa, kapena tidzalileka kuti lipume. Cotsani mbale yapadera ija madzulo ano, ndipo mawa m'mawa perekezani mbale wanu ku kiliniki.